vctrs patatha miyezi: kalasi yanga ya list siisintha yokha mwakachetechete

Kwa amene mumalemba R ndipo mukuganiza zopanga kalasi yanuyanu ya vekita yokhala pa list, pakeji ya vctrs, yothandiza kupanga makalasi a mavekita, ndaigwiritsa ntchito pafupifupi chaka tsopano, ndiye ndinene mmene yandichitira. Kalasi yanga, yomwe ndinaitcha miyeso, imasunga zotsatira za kuyeza madzi, sampulo iliyonse imakhala ndi manambala angapo, ina awiri ina asanu, kuphatikiza attribute ya yuniti, mg/L kapena µg/L. Ndinaimanga pa new_list_of() ndi ptype (mtundu wa zomwe element iliyonse imasunga) ya double.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi assignment. Mu R wamba ukalemba x <- 1:3 kenako x[2] <- "a" vekita yonse imasanduka character osakuuza kanthu, ndipo list wamba nde basi imalandira chilichonse, mawu, data frame, kaya chani. Pa kalasi yanga x[[2]] <- "12,5" imakana pompo, imati singasinthe character kukhala double, ndipo zimenezi zandipulumutsa kangapo chifukwa ma fayilo a ku labu nthawi zina amabwera ndi comma (,) mmalo mwa dontho ndiye column yonse imawerengedwa ngati mawu. Lamulo lake ndi limodzi, chomwe ukuikacho ndi chomwe chimasinthidwa kuti chifanane ndi vekita, vekitayo siisintha. Ukaika 3L imalowa ngati 3 bwinobwino. Kusinthako kumachitidwa ndi vec_cast(), ndipo vec_cast(1.5, integer()) imakana chifukwa theka lija litayika, koma vec_cast(2, integer()) imadutsa. Ine zimenezi ndimazikonda zedi.

Nkhani ya NULL muisamale. Pa list wamba x[[2]] <- NULL imachotsa element yonse list nkufupika, ukafuna kusiya malo opanda kanthu umayenera kulemba x[2] <- list(NULL). Kwa vctrs, NULL mkati mwa list ndiye NA yake, vec_detect_missing() imaiona ngati yosowa, ndiye sampulo yosayezedwa imakhalabe pa mzere wake mu tibble (data frame ya tidyverse) osasokoneza mizere inayo.

Pomwe pamatopetsa ndi pa vec_ptype2, yomwe imasankha mtundu woti mavekita awiri akumanepo, ndi vec_cast. Mavekita awiri a kalasi yanga akakhala ndi yuniti yofanana vec_c() imawaphatikiza popanda ine kulemba kalikonse, koma yuniti zikasiyana bind_rows() ya dplyr imaima mpaka nditalemba method yonena kuti tikumane pa yuniti iti, ndi ina yochulukitsa kapena kugawa ndi 1000. Mayina ake amazunguza mutu, vec_cast.miyeso.double ikutanthauza kuchokera ku double kupita ku miyeso, dzina loyambalo ndi kopita osati kochokera, ndipo uzilemba double osati numeric apo ayi method yako siipezeka. vec_ptype2 nayo umailemba mbali zonse ziwiri kuti yankho lifanane ngakhale utatembenuza x ndi y. Komanso palibe inheritance apa, nditapanga kalasi yaing'ono pamwamba pa miyeso ndinayenera kulembanso ma method onse aja, ndipo mu pakeji method iliyonse iyenera kulembetsedwa mu NAMESPACE. Zinapepukako kuyambira vctrs 0.3.0 ya 2020 pomwe anachotsa ma generic apakati omwe kale unkayenera kulembera kalasi iliyonse, ndiye mukapeza zitsanzo zakale zokhala ndi UseMethod() mkati mwa vec_ptype2.kalasi musazikopere.

Vuto lomwe silinathe mpaka pano ndi R wamba. c() imayang'ana chinthu choyamba chokha, ndiye c(x, 1) imatsata malamulo anga koma c(1, x) imandibwezera list yopanda kalasi. ifelse() ndi unlist() zimavula yuniti ija, anzanga a mu timu anazolowera ifelse() ndiye ndimangowakumbutsa if_else() ya dplyr ndi vec_c(). Izi si vuto la olemba vctrs, Hadley Wickham, Lionel Henry ndi Davis Vaughan, ayi, ndi mmene S3, dongosolo la makalasi la R, ilili, koma wovutika nazo ndiwe.

Ngati deta yanu imakhala mu tibble ndipo mumadalira dplyr 1.0.0 kupita mtsogolo, pangani kalasiyo pa vctrs, ma method aja mumalemba kamodzi basi nkuwatsekera ndi ma test a testthat. Ngati ndi script ya sabata imodzi, list wamba ndi stopifnot() zikukwanirani. Ndipo ngati element iliyonse ili ndi zigawo zokhazikika, monga mtengo ndi mtundu wa ndalama yake, tengani new_rcrd() osati list_of, kenako muzifikira zigawozo ndi field() chifukwa $ pamenepo imakana.