Phukusi la zitsamba la mawondo ndi msana: mafuta ndi malambe ali bwino, koma kapepala kake kakunama

Kwa amene mukufuna yankho lachidule, phukusili ndi chakudya chabwino chimene achipatsa dzina la mankhwala. Mukaligula ngati chakudya simudandaula. Koma mukaligula poganiza kuti bondo limene lakuvutani zaka zonsezi lichira mwezi usanathe, monga kapepala ka pamwamba pake kakulonjezera, mwataya ndalama. Ine ndikulipatsa nyenyezi 3 mwa 5, ndipo ziwiri mwa zimenezo zabwera chifukwa cha kabotolo kamodzi kakang'ono ka mafuta opaka.

Ndine telala, ndimasokera ku Area 25, ndipo makina anga ndi opondera aja. Mawondo ndi m'chiuno ndi mmene mumandisautsa, makamaka mu June ndi July Lilongwe akazizira. M'mawa mawondo amachita kulira ngati makina osathira oyilo. Kuchipatala anandiuza kuti ndi nyamakazi yobwera chifukwa choti kamnofu koterera kamene kamakuta nsonga za mafupa kayamba kuperepeseka, ndipo sikameranso. Ndinkadalira Brufen mpaka chilungulira chinayamba kundiwotcha usiku, adokotala n'kundiuza kuti mankhwala a mtundu umenewu, pamodzi ndi Indocid ndi diclofenac, akamwedwa nthawi yaitali amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba komanso kuononga impso. Ndiye kasitomala wina atandionetsa phukusili pa WhatsApp, ndinati ndiyeseko. Ndinalipira pa foni, wakabaza wa njinga yamoto anabweretsa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Pa nkhani ya kutumiza katundu, anthuwa sachedwa ndipo sanama.

M'katimo munali ufa wa jinja wosakaniza ndi tameriki, ufa wa chammwamba, ufa wa malambe, ndi kabotolo ka mafuta opaka a tsabola.

Ndiyambe ndi mafutawo chifukwa ndi amene anagwiradi ntchito. Ndi ofiirira, olemererako pang'ono kuposa mafuta ophikira, ndipo pansi pa botolo pamadikha timbewu ta tsabola tosinjidwa. Ukapaka pabondo suumva kanthu kwa kanthawi, kenako pamayamba kufunda, kenako kuwotcha ndithu, khungu n'kufiira. Masiku oyamba ndinangoona kuwotchako basi, ululu uli pomwepo. Zimenezi n'zosadabwitsa. Chimene chimawawa mu tsabola, chotchedwa capsaicin, sichichiza fupa. Chimangotopetsa timitsempha ta pakhungu timene timatumiza uthenga wa ululu ku ubongo, ndipo kuti titope pamafunika kupaka katatu kapena kanayi pa tsiku kwa masabata awiri mpaka anayi. Amene amapaka kamodzi n'kunena kuti ndi achabechabe sanawapatse mpata. Kwa ine, mwezi usanathe ndinayamba kutsika masitepe a patchalitchi osagwira khoma, ndipo ndikapondera makina mpaka masana bondo lakumanja silinkachita kugunda ngati kale. Ndikasiya kupaka kwa masiku angapo ululu umabwerera. Ndiye musati ndachira, ndangopepukidwa.

Atelala anzanga, tamvani. Ife tili ndi chizolowezi chonyambita nsonga ya ulusi tisanaulowetse m'singano. Mukapaka mafutawa sambani m'manja ndi sopo kawiri, apo ayi milomo ndi maso zidziwa kuti kambuzi ndi ndani. Madzi okha sachotsa, chifukwa capsaicin amasungunuka m'mafuta osati m'madzi. Amathimbiriritsanso nsalu, ndiye valani chitenje chakale pamiyendo musanagwire zovala za makasitomala. Osapaka pachilonda kapena pakhungu losupuka, ndipo osathowa ndi madzi otentha pamalo pamene mwangopaka kumene. Kuthowa n'kwabwino, koma kuzikhala pa nthawi yakeyake.

Dandaulo langa pa mafutawa ndi lakuti botolo lachiwiri linali lowawa kuposa loyamba, moti ndinachita kuthirako mafuta ophikira kuti ndithe kuwapirira. Mankhwala opaka a capsaicin a ku famase amalemba mphamvu yake, monga 0.025% kapena 0.075%, ndipo munthu umadziwa chimene ukupaka. Awa alibe nambala iliyonse. Zikuoneka kuti mphamvu yake imadalira tsabola amene wapezeka pamsika sabata imeneyo.

Ufa wa jinja ndi tameriki ndi umene amautamanda kwambiri pa kapepala, koma kwa ine ndi umene unandikhumudwitsa. Anati ndizithira supuni yaing'ono m'madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Ndinatero mokhulupirika. M'mimba munapepuka, kudzimbidwa kunachepa, ndipo m'nyengo yozizira kapu yotentha ya jinja ndi yokoma, zimenezo sindikana. Koma pabondo sindinamve kusintha kumene ndingaloze ndi chala. Tameriki ali ndi curcumin, chimene chimathandiza kuchepetsa kutupa, koma mu ufa wamba chimakhalamo chochepa kwambiri, ndipo thupi limavutika kuchiyamwa chikangomwedwa ndi madzi. Chimalowa bwinoko chikaphatikizidwa ndi tsabola wakuda komanso mafuta pang'ono. Mu ufawu mulibe tsabola wakuda, ndipo kapepala sikanena chilichonse za zimenezi. Nditayamba kuuthira mu nyemba ndi mu nkhuku pokazinga anyezi, unayamba kukhala ndi phindu, ngakhale kuti phindu lake linali la ndiwo zokoma. Chinanso, fungo la jinja ndi lofooka, ndipo pansi pa kapu pamatsalira zoyera zonanda zimene ndikukayikira kuti ndi ufa wowonjezera. Jinja wamuwisi wa mumsika waukulu wa Lilongwe, kachidutswa kamodzi kosinja mu mtondo, amaluma pakhosi kuposa masupuni awiri a ufawu, pa mtengo wotsika kwambiri. Ufa umenewu sindigulanso. Ndipo amene mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, kapena muli ndi timiyala mu ndulu, funsani adokotala musanayambe kumwa jinja ndi tameriki wambiri tsiku ndi tsiku.

Chammwamba ndi chammwamba. Paketi yoyamba inali yobiriwira bwino, yonunkhira masamba. Yachiwiri inali yotuwa, yopita kofiirira, chizindikiro choti masambawo anawayanika padzuwa m'malo mwa pamthunzi, ndipo dzuwa limaononga vitamini A. Ndimathira m'phala la mgaiwa lothira nsinjiro phalalo litapsa kale. Muli ayironi, muli kashiamu, palibe wotsutsa. Koma supuni yaing'ono ya ufa ndi magalamu awiri okha basi. Mbale ya bonongwe, chisoso kapena nkhwani wotendera imene tinakulira ikupatsani zambiri kuposa kasupuni kameneko. Anthu a ku Salima, Chikwawa ndi Nsanje angaseke atamva kuti ife a m'tauni tikugula m'paketi mtengo umene iwo amapangira mpanda ndi kuthyola ndiwo. Umamera ndi nthambi yongozika pansi. Ine ndazikapo ziwiri kuseri kwa nyumba. Amayi oyembekezera, masamba ngati ndiwo alibe vuto, koma mizu ndi makungwa a mtengowu muzipewe.

Malambe ndiwo anandisangalatsa mosayembekezera. Ufa wake ndi wosefedwa bwino, wopanda ulusi wofiira uja kapena mchenga, wowawasa bwino lomwe, ndipo m'madzi ozizira umasungunuka osachita mibulu ukautakasa ndi foloko. Ndikudziwa kuti pamsewu wa ku Salima malambe amagulitsa motchipa m'mabeseni, koma amene anayesapo kuwasinja ndi kuwasefa yekha akudziwa kuti apa ukulipira thukuta la munthu, ndipo n'zoyenera. Malambe ali ndi vitamini C wochuluka kuposa malalanje, ndipo vitamini ameneyu amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa mu nyemba ndi masamba. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironiyo. Kwathu tinali ndi chizolowezi chotsitsira nsima ya nyemba ndi tiyi, pano timatsitsira ndi madzi a malambe, tiyi timamwa nthawi ina. Musawawiritse, moto umapha vitamini C. Adzukulu anga amawakonda, vuto lake n'lakuti amafuna shuga wodzaza dzanja, ndiye ndimathiramo nthochi yakupsa yoponda kuti shuga achepe. Kuti malambe amachiza mafupa, ayi, sindinaone. Koma ndi chakumwa chabwino kuposa zamabotolo zimene tinkagula.

Tsopano kapepala kaja. Apa ndi pamene nyenyezi ziwiri zinathothokera. Kalembedwa kuti phukusili limachiza nyamakazi, shuga, BP, zilonda zam'mimba, khansa, limatsuka magazi, ndiponso limabwezeretsa mphamvu za abambo. Chinthu chimodzi matenda onsewo? Koma palibe tsiku limene anapanga, palibe tsiku lothera ntchito, palibe chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, palibe dzina la malo amene amapangira. Pali nambala ya foni yokha. Tsiku lina ndili mu Old Town kogula ulusi ndi mazipi ndinapatukira pa kasitolo kawo. Mtsikana wogulitsa ndi waulemu, anandipatsa mpando. Ndinamufunsa kuti, "Mwanangu, nanga tsiku lothera ntchito lili pati?" Iye anati, "Amayi, izi n'zachilengedwe, sizionongeka." Ndinamuuza kuti nayonso nsinjiro ndi yachilengedwe koma imachita chuku. Anaseka. Kenako ndinafunsa za BP, chifukwa bambo a kunyumba amamwa mapiritsi ake m'mawa uliwonse. Anayankha kuti, "Makasitomala ena akayamba izi amasiya za kuchipatala." Mawu amenewa sindinawakonde ngakhale pang'ono. BP simveka kuwawa, munthu amangoona ngati ali bwino mpaka tsiku logwa ndi sitiroko. Chimodzimodzi shuga ndi ma ARV, zimenezi sizisiyidwa chifukwa cha ufa wa m'paketi. Mtsikanayo sindikumuimba mlandu kwambiri, amangobwereza zimene anamuuza abwana ake. Koma kuno kuli bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndipo nkhani ya kutsatsa mankhwala, ngakhale azitsamba, ili m'manja mwake. Eni bizinesiyi akuyenera kudziwa zimenezi.

Chimodzi chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti ufawu sunachotse ululu msangamsanga. Mwina zikumveka zachilendo, koma mankhwala azitsamba amene amathetsa ululu wa mafupa tsiku lomwelo ndi oyenera kuwaopa. M'mayiko ambiri apezapo ena atathiridwa mwachinsinsi diclofenac kapena mankhwala amphamvu monga dexamethasone, ndipo munthu amayamba kutupa nkhope, shuga n'kukwera, iye akuganiza kuti akumwa masamba. Awa sanandichite zimenezo.

Sindingapereke ulemu wonse kwa phukusili, chifukwa nthawi yomweyo ndinayambanso kutsatira zimene anandiphunzitsa a mafizo. Kukhala pampando n'kuwongola mwendo, kuugwira m'mwamba pang'ono, n'kuutsitsa pang'onopang'ono, kuti minofu ya pantchafu ilimbe izinyamula katundu amene bondo limanyamula lokha. Kudzuka pamakina ola lililonse. Kutsika minibasi siteji imodzi isanakwane yanga n'kumalizitsa wapansi, poti a World Health Organization amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ndinachepetsanso mitanda ya nsima yamadzulo n'kuchulukitsa ndiwo, ndipo magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timawaona pa zithunzi za kusikelo ndinayamba kuwatenga ngati nkhani yanganso, osati ya ana okha. Usipa wodya ndi minga yomwe uli ndi kashiamu wambiri. Kilogalamu imodzi imene munthu wataya imachotsa pafupifupi makilogalamu anayi pa katundu amene bondo limasenza poyenda. Masiku ovuta ndimamwabe Panado, osapitirira mapiritsi 8 a 500mg pa tsiku, ndipo nthawi zambiri awiri amandikwanira.

Pali ululu wina umene suyenera kudikira mafuta a tsabola. Bondo likatupa mwadzidzidzi n'kumatentha thupi lonse likuphwanya, msana ukamapweteka miyendo n'kumachita dzanzi kapena kufooka, mukamalephera kugwira mkodzo, kapena mukamaonda ndi kutuluka thukuta usiku, pitani kuchipatala, chifukwa TB imagwiranso msana. Ku Kamuzu Central kuli chipatala cha mafupa cha LION, ndipo a kuchipatala cha kwanuko akhoza kukutumizani kumeneko.

Za mtengo, phukusi lonse ndi lodula poyerekeza ndi zimene zili m'katimo, ndipo poyamba ankakana kugulitsa chimodzichimodzi. Nditalimbikira anavomera kundigulitsa mafuta ndi malambe paokha, ndiye nanunso limbikirani. Mukalandira chammwamba tsegulani wakabaza asanapite, chikakhala chotuwa chibwezeni. Mafutawo yesani kadontho pamkono kaye, chifukwa botolo lanu likhoza kukhala lowawa kuposa langa. Kwa eni ake, ngati mukuwerenga, lembani tsiku lopangira ndi lothera ntchito, muyeze tsabola wanu kuti mabotolo azifanana, ndipo mawu a khansa, shuga ndi BP aja muwachotse pa kapepala. Mukatero ndidzabwera kudzasintha nyenyezizi.