Matumba 60 kuchoka ku Ngabu: pikapu, lole ya matani atatu, kapena kuphatikizana pa lole yaikulu?

Katundu wathu wamalonda kuno kuchigwa cha Shire amadutsa pa Thabwa, tifune tisafune. Chitowe, nandolo, thonje, mapira, mbuzi ndi ng'ombe zimakwera phiri kupita ku Blantyre ndi ku Limbe, pomwe simenti, malata, feteleza, ufa ndi zakumwa zimatsika ndi msewu womwewo wa M1 kudzawoloka pa mlatho wa Kamuzu. Tikamanenerera mtengo ndi mwini galimoto pa Dyeratu, pa Nchalo kapena pa Bangula, funso lathu limakhala limodzi: thumba ndi zingati? Funso limeneli palokha latipweteketsa ambiri, chifukwa amene amatchipa kwambiri pa thumba nthawi zambiri amatchipa poti akufuna kupakira mopyola muyeso.

Tiyerekeze kuti muli ndi matumba 60 a chitowe pa Ngabu, lililonse la makilogalamu 50. Amenewo ndi matani atatu ndendende.

Woyamba kukupezani adzakhala wa pikapu, chifukwa ndi amene ali ponseponse. Pikapu ngati Toyota Hilux anaipangira katundu wa pafupifupi tani imodzi, kutanthauza matumba 20, ndipo mu tani imeneyo muwerengeremo dalaivala, inuyo ndi mnyamata wopakira. Kunena chilungamo, matumba anu afunika maulendo osachepera atatu. Koma mwini galimoto adzakuuzani kuti awiri akwana, matumba 30 ulendo uliwonse, poti anawonjezera masipuling'i. Zowonjezerazo zimangothandiza kuti kumbuyo kusagwade kwambiri. Mabuleki ndi omwe aja, ekiselo ndi yomwe ija, ndipo matayala akumbuyo ndi awiri okha. Akamaliza kupakira, mugwade muone nokha: masipuling'i amene amayenera kukhala opindika amakhala atawongoka, mphira yapamwamba pake yagunda chitsulo, tayala latupa m'mbali ngati mulibe mpweya, ndipo nyali zakutsogolo zaloza m'mwamba. Galimoto yotere matayala akutsogolo amakhala atapepukidwa, choncho pokhota chiwongolero sichimvera bwino. Ubwino wa pikapu ulipo ndithu. Imafika pakhomo penipeni, imadutsa misewu yafumbi ya kwa Chapananga kumene lole yaikulu imakana, ndipo simudikira munthu. Koma pa matumba 60, ukawerengera mafuta a maulendo atatu, ndiyo yodula kuposa zonse.

Za minibasi ndi Sienta sinditayapo nthawi. Thumba limodzi kapena awiri pansi pa mpando ndi nkhani ina, koma kuchotsa mipando yakumbuyo n'kudzazamo matumba, anthu n'kukhala pamwamba pake, ndi kuika miyoyo ya eni pachiswe.

Lole ya matani atatu, monga Mitsubishi Canter, Isuzu Elf kapena Toyota Dyna zazikulupo, ndiyo yofanana ndi katundu wanu. Ili ndi matayala anayi kumbuyo, ndipo zambiri zili ndi buleki ya ekizozi, imene imagwiritsa injini kuchepetsa liwiro popanda kutenthetsa mabuleki a m'matayala. Komabe musangokhulupirira dzina loti "ya matani atatu". Pambali pa galimoto zamalonda pamalembedwa manambala awiri: kulemera kwa galimoto ilibe kanthu, ndi kulemera kumene siyenera kupyola itanyamula, kumene amalemba kuti GVM. Chotsani nambala yaing'ono pa yaikuluyo, yotsalayo ndiyo katundu wololedwa. Malole ambiri kuno anawawotcherera zitsulo zazitali kuti azinyamulira ng'ombe, ndipo zitsulozo zimadya gawo la katundu wanu. Vuto la lole yotere ndi lakuti mukahayala nokha mumalipiranso ulendo wobwerera wopanda kanthu. Njira yake ndi kugwirizana ndi wagolosale kapena wogulitsa zipangizo zomangira amene akufuna simenti kuchokera ku Blantyre, mugawane mtengo. Chimene musalole ndi choti mwini lole awonjezere matumba 40 a munthu wina pamwamba pa anu 60. Zikatero mwalipira lole koma mwabwerera ku mavuto a pikapu ija.

Kuphatikizana ndi anzanu pa lole yaikulu, monga Fuso ya matani 7 kapena 10, ndi kumene mtengo wa thumba umatsikadi mosabera sikelo. Matumba 200 ndi matani 10, ndipo dalaivala mmodzi ndi ulendo umodzi zikwanira amalonda atatu kapena anayi. Kulipira kwake ndi nthawi. Mumadikira kuti lole idzaze, mwina mtengo ku Limbe n'kusintha muli chidikirire. Matumba muyenera kuwasonkhanitsa kumsewu waukulu ndi ngolo, kuwalemba zizindikiro kuti asasokonekere, ndipo onse amakatsitsidwa malo amodzi. Amene ali ndi anzake okhulupirika komanso sakuthamangira ndalama za mawa, iyi ndiyo njira imene ndingamulimbikitse.

Malole aakulu ali ndi mlandu wawo pa msewu. Akatswiri a misewu anapeza kalekale, pa kafukufuku amene anachitika ku America pakati pa 1958 ndi 1960, kuti katundu wa pa ekiselo imodzi akawirikiza kawiri, kuwononga kwake pa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. N'chifukwa chake pali masikelo a galimoto pa Balaka ndi m'zipata monga Mwanza, ndipo malamulo a m'chigawo cha SADC salola thiraki kupyola matani 56 yonse pamodzi. Ifeyo amene tinaona mmene namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anadulira misewu ndi milatho kuno, sitifunika kuuzidwa kuti msewu ukawonongeka kukonza kwake kumachedwa. Koma galimoto zing'onozing'ono sizikwera sikelo kawirikawiri, ndiye wozipima weniweni ndi phiri la Thabwa.

Blantyre ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Chikwawa ili pa mamita pafupifupi 100. Kusiyana konseko kumatha m'makona ochepa a phiri limodzi. Pokwera, galimoto yolemedwa imavutika ndi injini ndi kilatchi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kuno kumadutsa madigiri 40, madzi a mu rediyeta amawira msanga, ndipo mudzaona mnyamata akuyenda pambali pa lole atanyamula mwala woti atchinge tayala injini ikazima. Potsika ndiye poopsa kwambiri. Kulemera konse kwa galimoto kukawirikiza kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kumawirikizanso kawiri. Akatentha kwambiri amayamba kununkha, sagwiranso, mafuta ake amatha kuwira, chopondera n'kungolowa pansi osamva kanthu. Tayala nalo likalemedwa pa phula lotentha limaphulika. Choncho amene akutsitsa simenti ndi malata ayenera kusamala ndi muyeso kuposa amene akukweza chitowe, ngakhale ambiri timaganiza kuti kutsika ndiko kophweka.

Apa mpamene nkhani ya dalaivala imaposa ya galimoto. Tili ndi madalaivala amitundu iwiri. Wina anayamba ngati wopakira katundu, n'kumasuntha lole pamsika, mpaka anazolowera. Amaudziwa msewu, amadziwa pamene pali maenje pakati pa Nchalo ndi Ngabu, amatha kukonza galimoto ikafa patchire, ndipo luso limeneli sindilipeputsa. Koma anatengeranso zizolowezi za amene anamuphunzitsa, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo choipitsitsa ndi kutsika phiri pa fulii, galimoto ili yosalowetsa giya, pofuna kupulumutsa mafuta. Wina anadutsa kusukulu yoyendetsa galimoto zolemera, anamuphunzitsa kuti phiri umatsika ndi giya yomwe ungakwerere, kuti giyayo umalowetsa usanayambe kutsetsereka, kuti katundu wolemera amakhala pansi ndi pakati osati kumchira, ndiponso kuti m'mawa uliwonse uyang'ane mpweya wa matayala ndi mafuta a mabuleki. Pepala lokha siliyendetsa galimoto, ndipo wongotuluka kumene kusukulu sindingamupatse ng'ombe zanga pa Thabwa. Amene ndimafuna ndi wa zonse ziwiri, ndipo alipo.

Ambiri sadziwa kuti laisensi ya B imathera pa galimoto yolemera makilogalamu 3,500 yonse pamodzi ndi katundu wake. Lole ya matani atatu ikanyamula imafika cha m'matani 6, ndiye imafuna laisensi ya C1, imene imafika pa makilogalamu 16,000. Woyendetsa galimoto yamalonda amafunikanso chiphaso cha PrDP, chololeza kuyendetsa galimoto ngati ntchito, chochokera ku nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS, ndipo galimotoyo ikhale ndi COF yosatha ntchito, chiphaso chosonyeza kuti ili yoyenera kuyenda pamsewu. Kufunsa zimenezi si mwano. Mukhoza kungonena mwaulemu kuti, "Achimwene, tatiwonetsaniko mapepala tisanapakire," ndipo dalaivala wolongosoka sakwiya nazo. Kumbukiraninso kuti inshuwalansi wamba imene lamulo limakakamiza imateteza anthu ena amene galimoto yawapweteka, osati matumba anu. Lole ikagubuduzika, chitowe chomwazikacho ndi chanu, ndipo ngati inapyola muyeso ngakhale mwini galimotoyo akhoza kukanidwa chipukutamisozi.

Thonje ndi ng'ombe zili ndi malamulo awoawo. Thonje ndi lopepuka koma limadya malo, choncho muyeso wa makilogalamu ukhoza kukhala bwino pomwe mulu wake watalika kwambiri moti pakona lole imapendekera. Ng'ombe zimasuntha: lole ikakhota zonse zimatsamira mbali imodzi. Pa ziwirizi pikapu isayesedwe n'komwe, pafunika lole yotambalala ndi dalaivala wosathamanga, makamaka wonyamuka m'bandakucha phula lisanatenthe.

Kumene pikapu imapambana ndi kutsidya kwa Shire, cha ku Muona, Fatima ndi Makhanga. Chidukireni njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, katundu wa kumeneko amawoloka pa bwato pa Mtayamoyo kapena kuzungulira ndi msewu wa m'mphepete mwa mapiri a Thyolo mpaka pa Thabwa, ndipo nyengo ya mvula mitsinje yotsika m'mapirimo imatsekereza malole aakulu. Kumeneko tengani pikapu, pakirani matumba 20 okha, muwasonkhanitse pa Thabwa, kenako lole yoyenera ikwere nawo phiri onse pamodzi.