Telala wa pakhonde kumsika wa Zomba: makatani ake ndi abwino, koma tsiku lake musamalikhulupirire

Amene mumakhala m'mbali mwa msewu wa M3 ku Chinamwali mukudziwa mmene usiku umakhalira. Malole ochokera ku Liwonde akamadutsa, magetsi awo amasesa khoma lonse la kuchipinda, ndipo babu la pageti la aneba limayaka mpaka kucha. Pawindo langa panali kansalu ka lesi kopachika pa waya, koti mphaka akadutsa panja umamuona. Ndine mphunzitsi, ndimagona mochedwa ndi makope a ana, ndiye tulo toduladula tinkandisowetsa mtendere.

Mnzanga wa ku Matawale ndiye anandilozera bambo wina wosoka pakhonde la sitolo pafupi ndi msika waukulu. Ndinapita ndi miyezo yanga papepala. Anaiyang'ana n'kundibwezera. "Amayi, katani yofanana ndi windo ndi yongokongoletsa. Kuwala kumalowera m'mbali ndi pamwamba." Madzulo ake anakwera kabaza n'kubwera ndi tepi yawo. Ndodo yopachikira anati ikwere pamwamba pa felemu ndipo ipitirire masentimita 20 mbali zonse ziwiri, nsalu nayo ikhale yotambalala kuwirikiza kawiri windolo kuti ipindike bwino.

Pa nsalu tinakanganapo pang'ono. Ine mtima unali pa chitenje cha maluwa akuluakulu ofiira. Iwo anati chimenecho n'cha pabalaza, kuchipinda maso amafuna kupuma. Ndinagonja, ndinagula yobiriwira mofatsa, yopanda maluwa. Chimene chinandigometsa ndi nsalu ya mkati. M'malo mondigulitsa yatsopano, ananditumiza pa kaunjika kukasaka mashiti okhuthala akuda bii, ndipo anandiuza mmene ndiwayesere: kuwatambasula kumaso kwa dzuwa, ukaona kuwala kukuboola, usiye. Zonse anati ndiyambe ndazichapa asanadule, poti nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba. Ndi matelala angati amene angakuuze zimenezi?

Makataniwo atapachikidwa, chipinda chinasanduka china. Usiku mdima ndi weniweni, malole amangomveka osaoneka. Masana ndikatseka, kutentha kwa mu Okutobala kumachepako. Koma wina asakunamizeni kuti katani imatseka phokoso. Njinga zamoto ndimazimvabe, hutala ya minibasi ndiye osanena. Chimene chinatha ndi kulira kwa chipinda chenichenicho, kuja mawu amagunda simenti n'kubwerera. Nditayala mkeka pansi pafupi ndi bedi, zinawonjezera kufatsa.

Anaganiziranso chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri. Katani anaisiya m'mwamba zala ziwiri kuti isakhudze pansi, ati nthawi ya mvula kapena chiperoni cha mu Juni ndi Julayi nsalu yokwekwereza pasimenti imachita nguwi. Anandilangiza kuti m'mawa ndizitsegula zonse, mpweya uziyenda.

Tsono zoipa zake. Tinagwirizana Lachisanu. Lachisanu linadutsa, n'kubwera lina, yankho lake "mawa, amayi, mawa ndithu", foni nthawi zina osayankha. Nditapita ndinapeza nsalu yanga ili pansi pa mulu wa mayunifolomu, osaikhudza n'komwe. Ndinakwiya, poti theka la ndalama ndinali nditapereka kale. Ntchito itatha, katani imodzi inali yayitaliko pang'ono kuposa inzake ndipo ulusi unali lendelende m'mphepete. Ndinaibweza, anakonza tsiku lomwelo osaonjezera mtengo, ndipo anapepesa mwaulemu.

Ndalama yosokera inali yochepa poyerekeza ndi imene ndinaononga pa nsalu ndi ndodo. Ndodoyo muyigule nokha kuhadiweya, iwo amangokhoma. Windo la ana ndidzawapatsanso iwo omwewa, koma osati kumayambiriro kwa Seputembala sukulu zikamatsegulira, nthawi imene makina awo amakhala a mayunifolomu okhaokha.