Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu: malo abwino kwa munthu amene mutu wamulemera

Amene nkhawa za ngongole, za ntchito kapena za m'banja zamusowetsa tulo amafuna malo oti akhale phee osamva foni kulira. Ku Kasungu kuno malo otere ndi Lifupa, mkati mwa Kasungu National Park, nkhalango yachiwiri kukula m'dziko muno. Kuchoka pa boma ndi makilomita opitirira 50, kulowera pa chipata cha Lisitu. Mbali yaikulu msewu ndi wafumbi, choncho pitani pakati pa May ndi October, mutathira mafuta okwanira kupita ndi kubwerera. Polowa mumalipira, koma Amalawi amalipira zochepa kuposa alendo akunja.

Chokoma cha malowa ndi damu lomwe lili kutsogolo kwa malo ogona. Mumakhala pansi n'kumaona mvuu zikufwenthera m'madzi, nthawi zina njovu zikubwera kudzamwa. Njovu zinachuluka kuyambira mu 2022, pamene anasamutsirako 263 kuchokera ku Liwonde. Palibe wokufunsani za chitukuko cha kumudzi, palibe wodzapempha ya sopo.

Koma bata palokha silichiza munthu. Usiku umodzi sukwanira, chifukwa tsiku loyamba mutu umangobwereza zomwezo za kunyumba, ndipo ambiri amakhumudwa n'kuganiza kuti ataya ndalama. Konzani masiku awiri ogona. Tengani kope ndi cholembera. M'mawa woyamba lembani chilichonse chomwe chikukusautsani, osasankha, kwa mphindi 30. Madzulo gawani pawiri: zomwe mungathe kuzisintha ndi manja anu, ndi zomwe simungathe. Tsiku lachiwiri sankhanipo chimodzi chokha pa zoyambazo, mulembe tsiku ndi munthu amene mukamuone. Foni izime, muziyatsa kamodzi madzulo kuti a kunyumba adziwe kuti muli bwino. Mukabwerera, pitirizani ndi kope lomwelo mphindi 15 m'mawa uliwonse anthu asanadzuke, apo ayi mpumulo wonse utha sabata isanathe.

Zovuta zilipo. Kashembe amaluma kowawa ndipo amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, ndiye valani zotuwa za manja aatali. June ndi July kumazizira kwambiri m'mawa. Musayende nokha m'tchire popanda mlonda wa nkhalango, ndipo kukada musayandikire damu, chifukwa mvuu zimatuluka kudzadya msipu.

Pali anthu amene sitingawalimbikitse ulendowu. Ngati patha masabata awiri osagona bwino, chakudya chosalowa, kapena muli ndi maganizo odzipha, kukhala panokha kukhoza kukulitsa vutolo. Uzani m'bale amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni ku chipatala cha boma cha Kasungu kapena ku chipatala cha matenda a m'maganizo cha St John of God ku Lilongwe.