Ndemanga ya loji imene tinagonamo masiku anayi ku Vilankulo

Tinanyamuka ku Mufakose, mumzinda wa Harare, mbandakucha, ine, mkazi wanga ndi apongozi anga aakazi, ndipo titadutsa pachipata cha Forbes, pamalire a Zimbabwe ndi Mozambique, n'kulowa ku Machipanda tinayenda bwino mpaka pa Inchope. Kuchokera pamenepo kukafika pa mlatho wa mtsinje wa Save, maenje a mumsewu wa EN1 anatichedwetsa kwambiri, moti tinafika ku Vilankulo, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique, nthawi itapitirira 9 koloko usiku.

Zipinda ziwiri ndinali nditalipiriratu theka, pa mtengo wokwera wa mu Disembala uja wa madola 70 chipinda chimodzi pa usiku. Ndinalembanso momveka bwino pa WhatsApp kuti apongozi anga amavutika ndi maondo, choncho akufunika chipinda chosakwera kapena kutsika masitepe, ndipo eni malo anavomera. Titafika, mnyamata wolandira alendo sanaimirire, sanapereke moni ngakhale kwa munthu wamkulu, ndipo maso ali pa foni anatiuza kuti chipindacho wapatsa alendo ena chifukwa tachedwa. Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse. Lojiyi, monga ena ambiri m'tauniyi, inamangidwa pachitunda choyang'ana kunyanja, ndipo chipinda chimene anatilozera chinali kumunsi kwenikweni. Ndinatsika ndi tochi kukachiona ndipo ndinawerenga masitepe 38. Nditamuonetsa uthenga wa malonjezo aja, iye anangokweza mapewa. Nthawi yonseyi apongozi anga anali chiimire, atatsamira ndodo yawo, miyendo itatupa ndi ulendo wa tsiku lonse, ndipo ine monga mkamwini sindikanatha kuwanyamula. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawaiwale, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba ndemangayi.

Amene anatiombola ndi mlonda wachikulire wa pageti. Atamva mkazi wanga akudandaula m'Chichewa, anabwera ndi mpando n'kunena kuti, "Amayi, khalani pansi, musavutike chonchi ife ana anu tilipo." Anatiuza kuti kwawo ndi ku Ulongué, m'boma la Angónia m'chigawo cha Tete, kumene amalankhula chinenero chathu chomwechi. Anaimbira foni manijala, nalankhula naye m'Chipwitikizi kwa nthawi ndithu, mpaka anatsekula chipinda china chapafupi ndi khitchini chimene chinalibe sitepe ngakhale imodzi. Kenaka anatereka madzi pambaula n'kuwabweretsa m'beseni kuti apongozi aviikemo mapazi. Mtima wanga unayamba kutsika pamenepo.

Kunena chilungamo, zina zonse zinali bwino. Zofunda zinali zoyera, masikito analibe bowo, ngakhale madzi a kubafa ankatuluka mofooka m'mawa. Chakudya chimene tinachikonda ndi matapa, amene ali ngati chigwada chotendera koma chophikidwa ndi mkaka wa kokonati, ndipo apongozi anapempha kuti awaphikirenso tsiku lotsatira.

Ife amene nyanja tinaidziwira ku Salima tiyenera kukumbukira kuti iyi ndi ya mchere ndipo madzi ake amabwera ndi kubwerera kawiri pa tsiku. Zithunzi za lojiyi zinajambulidwa madzi atadzaza, koma akaphwera amasiya mchenga wautali ndipo mabwato amangokhala pamtunda, choncho wofuna kusambira aziyamba wafunsa nthawi ya madzi. Ulendo wathu wa pabwato wopita ku chilumba cha Magaruque unakonzedwa bwino ndi a palojipo. Chilumbachi chili m'paki ya Bazaruto imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo ndi bwino kufunsiratu ngati ndalama yolowera m'pakiyo yaphatikizidwa pa mtengo wa bwato, komanso kukhala ndi mametikali, ndalama za ku Mozambique, m'thumba.

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za mlonda uja ndi mayi wophika. Manijala tinakumana naye kawiri pa chakudya cham'mawa koma sanapepese, ndipo mnyamata uja anapitiriza kutidutsa osatilankhula mpaka tsiku lonyamuka. Ndikadzabwereranso ndidzafuna kuti andilembere nambala ya chipinda pa lisiti, andiuze kuchuluka kwa masitepe ake, komanso atsimikize kuti adzandisungira ngakhale nditafika pakati pa usiku.