Buku la David Reich la DNA yakale: momwe ndikulionera patapita miyezi

Nditangogula buku la David Reich, wasayansi wofufuza DNA ya m'mafupa a anthu akale, lotchedwa Who We Are and How We Got Here, ndinalemba kuti ndi lolemera kuwerenga koma ndalama zake sizipita pachabe. Tsopano ndakhala nalo miyezi yambiri, ndikulitsegula pafupipafupi, ndipo ndikutha kusiyanitsa mitu imene ikadali yolimba ndi imene nthawi yayamba kuisiya m'mbuyo. Langa ndi lachikuto chofewa. M'makona mwapindika koma palibe tsamba lathothoka. Mapu ake alibe mitundu, ndiye usiku magetsi akathima, kuwala kwa tochi sikukwanira kutsatira mivi yosonyeza kumene anthu ankalowera.

Mutu umene ndabwererako koposa ndi wa anthu a Yamnaya. Awa anali abusa a ziweto a m'zigwa za udzu zopanda mitengo, kumpoto kwa nyanja za Black Sea ndi Caspian, komwe lero ndi Ukraine ndi kum'mwera kwa Russia, kuyambira cha m'ma 3300 B.C.E. (Khristu asanabadwe). Ankasamuka ndi ziweto zawo pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Womwalira ankamugoneka chagada mawondo ali m'mwamba, kumuwaza dothi lofiira, kenako n'kuunjika mtumbira waukulu umene amautcha kurgan. Mu 2015, gulu la Reich ku Harvard ndi la Eske Willerslev ku Copenhagen, lililonse palokha, anapeza chinthu chimodzi: magazi a abusawa anafalikira kutali zedi. Anthu a chikhalidwe cha Corded Ware amene anaikidwa ku Germany anali ndi magawo pafupifupi atatu mwa anayi a magazi ofanana ndi a Yamnaya, pomwe kum'mawa, ku mapiri a Altai, anthu a Afanasievo ankafanana nawo pafupifupi m'zonse. Mbali imeneyi sinagwedezeke mpaka pano.

Chinanso chimene ndayamba kuchikonda ndikamawerenga mobwereza ndi kafotokozedwe ka ntchito yeniyeniyo. Fupa lolimba la m'kati mwa khutu ndi limene limasunga DNA bwino kuposa mafupa ena. Amalipera kukhala ufa m'chipinda chaukhondo kwambiri, atavala zophimba thupi lonse, kuopa kuti DNA ya wofufuzayo ingasakanikirane ndi ya womwalira. Ukadziwa zimenezi, manambala a m'bukumo umawapatsa ulemu wake.

Pamene bukuli lakalamba ndi pafunso limene ine ndimalifuna kwambiri: nanga a Yamnaya eniakewo anachokera kuti? Bukuli linatuluka mu 2018, ndipo yankho lake ndi lakuti theka la magazi awo ndi la alenje akale a kum'mawa kwa Ulaya, theka linalo ndi la anthu achibale ndi a ku Armenia ndi Iran. Potengera izi, m'bukuli Reich ankaganiza kuti chinenero chimene chinabala Chigiriki, Chilatini ndi Sanskrit, chimene akuti a Yamnaya ndiwo anachifalitsa, mwina chinayambira kum'mwera kwa mapiri a Caucasus. Koma mu February 2025 magazini ya Nature inatulutsa kafukufuku wotsogoleredwa ndi Iosif Lazaridis, Reich yemweyo ali momwemo, wa mafupa a anthu oposa 400. Anapeza kuti pafupifupi magawo anayi mwa asanu a magazi a Yamnaya ndi a anthu amene ankakhala pakati pa Caucasus ndi kumunsi kwa mtsinje wa Volga, amene anasunthira kumadzulo n'kukwatirana ndi zidzukulu za alenje a m'mbali mwa mitsinje ya Dnipro ndi Don cha m'ma 4000 B.C.E. Masamba a bukuli onena za nkhaniyi ndawadzaza ndi pensulo. Sindikumuimba mlandu wolemba, popeza iye mwini anachenjeza kuti nkhaniyi ikuthamanga kwambiri, koma wogula lero ayenera kudziwa.

Pali china chimene chimandisowetsa mtendere. Amuna ambiri a Yamnaya anali a mzere wa kuchimuna wotchedwa R1b, pomwe ambiri a Corded Ware anali a R1a. Choncho kunena kuti a Corded Ware ndi ana enieni a Yamnaya n'kufulumira. Mwina anali achibale ochokera ku tsinde limodzi. Komanso fupa limaulula ubale, silinena chinenero chimene mwini wake ankalankhula, ndipo ndikanakonda bukuli likanatsindika zimenezi mobwerezabwereza, poti nkhani ya "Aryan", yonena kuti kunali mtundu wa anthu wapamwamba kuposa ina, inagwiritsidwapo ntchito moipa kwambiri ku Ulaya.

Ife a ku Malawi tisaganize kuti izi n'za kutali kokha. Njira zomwezi ndi zimene zinayeza mafupa a alenje akale a ku Hora, Fingira ndi Chencherere mu kafukufuku wa 2017, amene Reich analinso nawo.

Amene akufuna kumvetsa momwe ntchitoyi imayendera, ndi momwe abusa a m'zigwazo anasinthira Ulaya ndi India, aligule osakayika. Amene funso lake ndi chiyambi cha a Yamnaya, awerenge bukuli kaye kenako afunefune kafukufuku wa 2025 pa intaneti, chifukwa popanda bukuli kafukufukuyo ndi wovuta kumumva.