Battersea Power Station: nyumba ya magetsi yomwe inasanduka masitolo ndi malo okhala

Aliyense amene wadutsapo pa sitima cha kummwera kwa mtsinje wa Thames ku London amawadziwa machumuni anayi oyera a Battersea Power Station. Nyumba ya njerwa imeneyi inkapanga magetsi ndi malasha mpaka 1983, ndipo itatsekedwa inakhala bwinja kwa zaka zambiri, mbali ina ilibe denga, kufikira pamene makampani a ku Malaysia anaigula mu 2012 n'kuikonza. Inatsegulidwa kwa anthu onse mu October 2022, ndipo ine ndinakayendako tsiku lina Loweruka masana.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti omanga sanabise mbiri ya nyumbayi. Masitolo ali m'maholo awiri akuluakulu momwe munali makina opukusa magetsi. Holo yoyamba, ya m'zaka za m'ma 1930, ili ndi makoma a matailosi ndi zipilala zokongoletsedwa moti munthu umayenda maso ali m'mwamba, pamene yachiwiri, ya m'ma 1950, ndi yosakometsa ndipo imaonekabe ngati fakitale. M'chimodzi mwa zipinda ziwiri zimene amisiri ankayang'aniramo magetsi tsopano muli malo omwera zakumwa, koma mamita ndi maswichi akale akadali pakhoma. Machumuni okha ndi atsopano, chifukwa akale aja anali atawonongeka ndipo anawagwetsa n'kuwamanganso mofanana ndendende. M'kati mwa chimodzi mwa iwo muli chikepe cha magalasi chimene chimakweza anthu mamita 109, ndipo ngakhale chili cholipira, mzinda wonse umaoneka bwino kuchokera pamenepo.

Pamwamba pa masitolo pali maofesi, kuphatikizapo a kampani ya mafoni ndi makompyuta ya Apple, komanso nyumba zokhalamo zoposa 250. Apa ndi pomwe mtima wanga unagwa pang'ono. Nyumbazi ndi za anthu achuma okha, ndipo mu 2017 chiwerengero cha nyumba zotsika mtengo chimene chinalonjezedwa m'dera lonseli chinachepetsedwa kuchoka pa 636 kufika pa 386. Masitolo ambiri nawonso ndi a zovala ndi mawotchi okwera mtengo, moti ndinaona anthu ojambula zithunzi ochuluka kuposa onyamula katundu wogula.

Kulowa n'kwaulere, ndipo siteshoni ya sitima yapansi ya Northern line, yomwe inatsegulidwa mu 2021, ili pafupi ndi khomo. Ine ndinagula khofi yekha n'kukamwera panja, m'mphepete mwa mtsinje, pamalo pomwe kale ankatsitsira malasha.